Mmene Basketball Imasandukira Ntchito: Malangizo kwa Wosewera ndi Makolo Ake

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa basketball, pamodzi ndi makolo awo, amandifunsa funso limodzi mobwerezabwereza: kodi munthu amatani kuti masewerawa akhale ntchito yomupatsa malipiro? Poyankha pakamwa zinthu zofunika zimatsalira, makamaka za mapepala ndi za mgwirizano, chifukwa wofunsayo mtima wake umakhala uli pa kugoletsa ndi pa NBA, ligi yaikulu ya ku America, basi. N'chifukwa chake ndalemba zonse pano mwa dongosolo lake. Mudzaona kuti ndachedwa kwambiri pa gawo 5 ndi gawo 6, pakuti osewera aluso ambiri amagwera pamenepo, pakati pa kusewera bwino ndi kulandira malipiro oyamba.

1. Dziwani kuchepa kwa malo musanayambe

NBA ili ndi matimu 30. Timu iliyonse imaloledwa kukhala ndi osewera 15 a mgwirizano wathunthu, kuwonjezerapo atatu amene amasewera uku ndi uku, pakati pa NBA ndi ligi yake yaing'ono yotchedwa G League. Ndiye kuti malo enieni alipo 450 okha, ndipo akuwalimbirana ndi anthu a dziko lonse lapansi. Chaka chilichonse matimuwa amatenga osewera atsopano pa mwambo wotchedwa draft, pomwe amasinthana kutchula mayina m'zigawo ziwiri, ndipo mayina onse otchulidwa sapitirira 60. Wosewera ayenera kukwanitsa zaka 19 m'chaka cha draft kuti alowemo. Bungwe la NCAA, loyang'anira masewera a m'makoleji a ku America, limanena lokha kuti mwa osewera ake aamuna amene afika pa nthawi yosankhidwa, otchulidwa mu draft ndi pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Kwa amayi khomo n'lopanikiza koposa, chifukwa WNBA, ligi ya amayi ya ku America yomwe inayamba mu 1997, ili ndi matimu ochepa poyerekeza ndi NBA, ndipo ambiri mwa osewera ake amapitanso kukasewera ku Ulaya ndi ku Asia nyengo yawo ikatha.

Sindikunena izi kuti mugwe ulesi. Ndikufuna muone kuti anthu ambiri amene amadya thukuta lawo mu basketball sanapondeko mu NBA. Ali mu Liga ACB ya ku Spain, m'maligi a ku France, Turkey, Greece, Italy, Germany, Australia, Japan ndi China, komanso m'maligi achiwiri ndi achitatu a mayiko amenewa. Ku Africa makalabu a ku Egypt, Tunisia, Morocco, Angola ndi Rwanda amalemba osewera ochokera kunja. Cholinga chanu choyamba chikhale mgwirizano umodzi weniweni, wolembedwa, wokulipirani mwezi ndi mwezi, kulikonse kumene ungapezeke.

2. Konzani luso loti timu ingaligule

Anthu amakonda kunena kuti Hakeem Olajuwon, Joel Embiid ndi Pascal Siakam anayamba basketball mochedwa, atapitirira kale zaka 14, koma anafika pamwamba. N'zoona, koma muonenso mbali inayo. Onse atatu ndi aatali kupitirira mamita awiri, ndipo miyendo yawo inali itaphunzira kale m'masewera ena: Olajuwon anali goloboyi wa mpira wa miyendo ku Lagos ndipo ankaseweranso handball, pomwe Embiid ankasewera volleyball ndi mpira wa miyendo ku Cameroon. Timu imaleza mtima ndi munthu wa mamita 2.10 amene sanadziwe kuponya bwino, chifukwa anthu a msinkhu umenewo ndi osowa. Ngati ndinu wa mamita 1.85, palibe amene adzakudikirani, ndipo luso lanu liyenera kukhala lokhwima kale pofika zaka 18. Muggsy Bogues, wa mamita 1.60 okha, anasewera nyengo 14 mu NBA, koma anatero chifukwa kumulanda mpira kunali kovuta ndipo iye ankalanda anzake.

Kulakwa kumene ndimakuona kawirikawiri n'kwa aphunzitsi a ana. Mwana akatalika kuposa anzake amamuika pansi pa golo, n'kumuuza kuti ntchito yake ndi kutola mipira yophonyedwa ndi kutchinga basi. Mwanayo amakula mpaka mamita 1.95 n'kulekera pomwepo, ndipo akapita ku ligi yolipira amapeza kuti anthu a msinkhu wakewo ndi amene amayendetsa mpira ndi kuponya patali, zinthu zimene iye sanaphunzire. Choncho ngakhale mutalike bwanji, phunzirani kunjanjitsa mpira ndi manja onse awiri maso ali kutsogolo, kupatsira mnzanu mpira mofulumira, ndi kuponya muli kunja kwa mzere wa mapointi atatu, womwe pa malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse lapansi, uli pa mtunda wa mamita 6.75 kuchokera pa golo. Pokonzekera muziwerenga mipira imene yalowa, osati imene mwaponya, ndipo muziponya mothamanga ngati muli m'masewero enieni, makamaka mutatopa kale. Timu imapatsidwa masekondi 24 okha kuti iponye, choncho wosewera wochedwa kuganiza amaidyera timu nthawi ngakhale ali ndi dzanja labwino.

Kulakwa kwachiwiri n'kofuna kukhala wogoletsa wamkulu nthawi zonse. Timu yolipira imakhala nawo kale ogoletsa ake, ndipo ikamalemba munthu watsopano imakhala ikufuna ntchito inayake yodziwika: wotchinga wosewera woopsa wa timu inayo, wotola mipira, kapena woponya patali akasiyidwa yekha. Ben Wallace sanatchulidwe n'komwe mu draft ya 1996, ndipo kugoletsa sikunali luso lake, koma anasankhidwa kanayi kukhala wotchinga bwino koposa mu NBA ndipo anatenga chikho ndi Detroit mu 2004. Dzifunseni kuti ndi chinthu chimodzi chiti chimene mumachita bwino kuposa aliyense pa bwalo, ndipo chinoleni mpaka mphunzitsi aliyense achione m'mphindi zisanu zoyambirira.

3. Longosolani mapepala ndi sukulu nthawi ikadalipo

Pezani chiphaso cha kubadwa ndi pasipoti msanga, ndipo dzina ndi tsiku lobadwa zifanane pa mapepala onse, kuphatikizapo a kusukulu. Musalole munthu aliyense, kaya mphunzitsi kaya wachibale, kukuchepetserani zaka kuti muoneke wamng'ono waluso. Matimu akuluakulu amafufuza mbiri ya wosewera asanaike ndalama zawo, ndipo bodza la zaka likaululika limatseka makomo onse nthawi imodzi.

Lembetsani mu kalabu yodziwika ndi bungwe loyendetsa basketball m'dziko lanu. Wosewera akamasamukira dziko lina, bungwe la dziko latsopanolo limapempha kalata yomumasula kuchokera ku bungwe la dziko lakale, yomwe m'malamulo a FIBA imatchedwa Letter of Clearance, ndipo popanda kalatayi sangasewere mu ligi. Kalatayi ingakanidwe ngati mukadali ndi mgwirizano umene sunathe ndi kalabu yakale, choncho ngakhale kapepala kamene kalabu yaing'ono ikukupatsani kuti musayine muli ndi zaka 17, kawerengeni. Dziwaninso kuti FIBA siilola wamba kusamutsa osewera osakwana zaka 18 kupita dziko lina, kupatula pa zifukwa zapadera zimene iyo yomwe yavomereza, ndipo munthu wokulonjezani kuti mwana wanu amupititsa kunja mwa chidule akulumpha lamulo limene linaikidwa kuti liteteze mwanayo.

Sukulu musaitaye. Wofuna kusewera mu Division I, gawo lapamwamba la NCAA, amalembetsa ku ofesi yotchedwa NCAA Eligibility Center, yomwe imaunika ngati anamaliza maphunziro 16 ofunika a ku sekondale, monga Chingerezi, masamu ndi sayansi, ndi ngati anakhoza mokwanira. Ofesiyi imaunikanso ndalama zimene munthu analandirapo posewera. Enes Kanter wa ku Turkey analetsedwa kusewerera University of Kentucky mu nyengo ya 2010–11 chifukwa kalabu ya Fenerbahçe inamupatsa madola pafupifupi 33,000 oposa zimene ankafunika pa zosowa zake. Malamulo a ndalama m'makoleji anasintha kwambiri mu 2021 ndi mu 2025, koma ophunzira ochokera kunja amamangidwabe ndi malamulo a viza yawo, choncho musanalandire ndalama iliyonse funsani koleji imene ikukufunani, ndipo yankho lake libwere lolembedwa.

4. Kaonekereni kumene ofufuza osewera amayang'ana

Matimu ali ndi anthu otchedwa scout, amene ntchito yawo ndi kuyenda ndi kuonera makanema pofuna osewera. Anthuwa sakhulupirira kakanema ka mphindi ziwiri kongoonetsa mipira yolowa yokhayokha, chifukwa aliyense amaoneka katswiri akachotsa zolakwa zake. Amafuna masewero athunthu awiri kapena atatu, ojambulidwa pa malo okwera pomwe bwalo lonse likuoneka, olimbana ndi timu yamphamvu, kuti aone zimene mumachita mpira ulibe inu, mmene mumabwerera kukatchinga, ndi nkhope yanu mphunzitsi akakutulutsani. Tumizani makanemawo pamodzi ndi msinkhu wanu weniweni mutavula nsapato, utali wa manja mutawatambasula, nambala ya jezi yanu, ndi ziwerengero zanu zochokera kwa oyendetsa ligi. Giannis Antetokounmpo anaonedwa akusewerera Filathlitikos mu ligi yachiwiri ya ku Greece, ndipo timu ya Milwaukee inamutenga pa nambala 15 mu draft ya 2013. Ligi yaing'ono si chopinga ngati masewero ake amajambulidwa ndipo ziwerengero zake zimasungidwa.

Limbikirani kulowa timu ya dziko lanu ya osakwana zaka 16 kapena 18, chifukwa mipikisano ya FIBA ya misinkhu imeneyi imaonedwa ndi ofufuza ambiri. Msasa wa Basketball Without Borders, umene NBA ndi FIBA akhala akuchititsa ku Africa kuyambira mu 2003, umalowedwa mochita kuitanidwa, ndipo Embiid ndi Siakam onse anadutsamo atayamba aonedwa pa msasa wa Luc Mbah a Moute, amene ankasewera mu NBA, kwawo ku Cameroon. NBA Academy Africa ya ku Saly m'dziko la Senegal inatulutsa Ulrich Chomche, amene anatchulidwa pa nambala 57 mu draft ya 2024, ndi Khaman Maluach wa ku South Sudan, amene anadzera ku koleji ya Duke n'kutchulidwa pa nambala 10 mu 2025.

Kuchokera apa njira zazikulu zilipo zitatu. Yoyamba ndi koleji ya ku America, komwe mumasewera uku mukuphunzira. Division III, gawo lachitatu la NCAA, sipereka thandizo la ndalama chifukwa cha masewera, koma makoleji a zaka ziwiri amathandiza amene magiredi awo kapena dzina lawo silinakwane, monga mmene Jimmy Butler anayambira ku Tyler Junior College asanapite ku Marquette. Yachiwiri ndi makalabu a ku Ulaya amene amalera okha osewera awo, monga Real Madrid yomwe inatenga Luka Dončić ali ndi zaka 13, kapena Mega ya ku Serbia komwe Nikola Jokić ankasewera pomwe anatchulidwa pa nambala 41 mu 2014. Yachitatu ndi Basketball Africa League, yomwe inayamba mu 2021 ku Kigali ndi matimu 12 ndipo chikho chake choyamba chinapita ku Zamalek ya ku Egypt. Makalabu ena amalowamo kudzera mu mpikisano wachipulula wotchedwa Road to BAL, ndipo masewero ake amaonetsedwa m'mayiko ambiri. Kwa wosewera amene wapitirira zaka 22 ndipo sanapite kunja, ine ndimaona kuti njira yachitatuyi ndi imene ili pafupi kwenikweni.

5. Sankhani ejenti mosamala

Ejenti ndi munthu amene amakufunirani timu ndi kukambirana malipiro m'malo mwanu. Apa m'pamene achinyamata ambiri amaberedwa, ndipo kuba kwake kumayenda mofanana pafupifupi nthawi zonse. Munthu amakulemberani pa Facebook, Instagram kapena WhatsApp, n'kunena kuti waona kanema wanu ndipo kalabu ina ya ku Ulaya kapena ku Asia ikukufunani mwachangu. Amatumiza kalata yokhala ndi chizindikiro chenicheni cha kalabuyo, chomwe wangochikopera pa intaneti, ndi malipiro okopa. Kenako amati mutumize ndalama za viza, za inshuwalansi, za kulembetsa mu ligi kapena theka la tikiti ya ndege, n'kulonjeza kuti kalabu idzakubwezerani mukafika, ndipo amakupatsani masiku awiri kapena atatu okha kuti musapeze mpata wofunsa. Mukatumiza amabweranso ndi chosowa china, mpaka banja litagulitsa katundu, kenako nambala yake imaleka kupezeka.

Lamulo loti muligwiritsitse ndi ili: ejenti weniweni amalandira ndalama mgwirizano wanu ukasayinidwa, ndipo kalabu yeniyeni imene ikukufunani imagula yokha tikiti. Malamulo a FIBA salola kuti gawo la ejenti lipitirire 10 pa 100 alionse a mtengo wa mgwirizano, ndipo mu NBA bungwe la osewera linaika malire a 4 pa 100. FIBA imapereka ziphaso kwa maejenti ogwira ntchito yosamutsa osewera pakati pa mayiko, ndipo mayina awo ali pa tsamba lake la pa intaneti. Kafufuzeni dzinalo, koma musalekere pomwepo, chifukwa akuba amabanso mayina a maejenti enieni. Lemberani ejentiyo pa adiresi imene ili pa tsamba la FIBA kapena la kampani yake, osati imene wakulemberaniyo wakupatsani, ndipo lemberaninso kalabuyo kudzera pa tsamba lake kuti itsimikize kuti ikukudziwani.

Ngakhale ejenti ali weniweni, mufunseni mafunso musanasayine naye. Ali ndi osewera angati, ndipo a msinkhu wa luso lanu anawapezera matimu ati chaka chathachi? Akupatseni awiri kapena atatu kuti mulankhule nawo nokha, ndipo muwafunse ngati amayankha foni malipiro akachedwa, pakuti nthawi imeneyo ndi imene ejenti amadziwika. Ejenti wotchuka wokhala ndi akatswiri ambiri angakuikeni kumapeto kwa mndandanda wake, pomwe wamng'ono wodziwa bwino maligi awiri kapena atatu angakugwirireni ntchito molimbika. Mgwirizano wanu ndi iye usapitirire zaka ziwiri, monga malamulo a FIBA amanenera, ndipo unene momveka mmene mungauthetsere. Musapatse anthu awiri mphamvu yokuimirani m'dziko limodzi, chifukwa kalabu ikalandira dzina lanu kuchokera kwa anthu awiri ndi mitengo iwiri, imangokusiyani.

6. Werengani mgwirizano ndime ndi ndime

Wosewera akalandira mgwirizano woyamba maso ake amathamangira pa chiwerengero cha malipiro, n'kusayina tsiku lomwelo poopa kuti kalabu isintha maganizo. Pemphani masiku angapo, ndipo muonetse loya kapena wosewera wakale amene anagwirapo ntchito kunja. Kalabu yokana kukupatsani nthawi yowerenga yakuonetsani kale mmene idzakhalire nanu.

Yambani ndi malipiro. Mgwirizano unene ngati chiwerengerocho ndi chimene mudzalandire m'manja msonkho utachotsedwa kale, kapena msonkho udzachotsedwa pomwepo. Makalabu ambiri a ku Ulaya amalonjeza malipiro a m'manja ndipo msonkho amalipira okha, koma ndime inene kuti kalabu idzakupatsani chikalata chosonyeza kuti msonkhowo unalipidwadi, kuopa kuti boma la dzikolo lingadzautsate kwa inu. Unene mtundu wa ndalama, tsiku lenileni la mwezi limene mudzalipidwe, ndi kuchuluka kwa miyezi, chifukwa makalabu ambiri amalipira miyezi ya nyengo yokha, isanu ndi itatu mpaka khumi, osati chaka chonse. Mabonasi olonjezedwa timu ikatenga chikho musawawerengere pokonza moyo wanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Kenako funani mawu onena kuti mgwirizano ndi wotsimikizika. Mgwirizano wotsimikizika umatanthauza kuti kalabu idzakulipirani ndalama zonse ngakhale mutavulala, ngakhale mphunzitsi atasinthidwa, ngakhale iyo itaona kuti simukusewera mmene inkayembekezera. Wosewera watsopano nthawi zambiri sapatsidwa zonsezi, ndipo amamuikira nthawi yomuyesa. Ngati zili choncho, nthawiyo ikhale ndi malire olembedwa, monga milungu iwiri kapena mwezi, inene zimene mudzalandire pa masiku amenewo, ndi kuti tikiti yobwerera ndi ya kalabu. Chimodzimodzinso kuyezedwa ndi dokotala: ndime inene kuti kudzachitika m'masiku ochepa mutangofika, musanayambe zokonzekera, ndi kuti mukangoyamba kusewera ndiye kuti mwakhoza. Popanda mawu amenewa kalabu ingakugwiritseni ntchito mwezi wathunthu, ndipo mukavulala inene kuti munabwera ndi vutolo. Pa chifukwa chomwechi, musalowe m'bwalo kukachita zokonzekera mgwirizano usanasayinidwe ndi mbali zonse ziwiri ndipo kope lanu lili m'manja mwanu.

Nyumba, inshuwalansi ya chipatala, mayendedwe, matikiti a ndege ndi chilolezo chogwira ntchito zilembedwe chimodzichimodzi. Musavomere kugwira ntchito pa viza ya mlendo wongocheza pokhulupirira lonjezo loti mapepala adzakonzedwa pambuyo, chifukwa wothamangitsidwa m'dziko ndi inu, osati kalabu. Pasipoti yanu ikhale ndi inu. Akaifuna pokonza mapepala, ibwerere ikangotha ntchitoyo. Pemphaninso malamulo a m'kati mwa kalabu onena za zindapusa, pakuti makalabu ena amadula malipiro pa zifukwa zazing'ono akafuna kuchepetsa ngongole yawo.

Ndime ziwiri zotsatirazi ndi zimene ndimalimbikira koposa. Yoyamba ndi ya kuchedwa kwa malipiro, vuto lofala m'maligi ambiri. Inene kuti malipiro akachedwa masiku akutiakuti mungaleke kusewera popanda chilango, ndi kuti akachedwa kupitirira apo, kawirikawiri masiku 30, mungathetse mgwirizano, ndalama zonse zotsala n'kukhala ngongole ya kalabu, ndipo kalata yokumasulani iperekedwe. Yachiwiri ndi yonena kumene mkangano udzaweruzidwe. FIBA inakhazikitsa mu 2007 bwalo loweruza mikangano ya ndalama pakati pa osewera, aphunzitsi, maejenti ndi makalabu, lomwe lero limatchedwa Basketball Arbitral Tribunal, mwachidule BAT, ndipo lili ku Geneva. Mlandu umaweruzidwa ndi munthu mmodzi, m'Chingerezi, nthawi zambiri pongowerenga zikalata, choncho simufunika kubwerera kudziko limene munachokako. Kalabu yokana kulipira zimene BAT yagamula ingaletsedwe ndi FIBA kulemba osewera atsopano, ndipo chilango chimenechi makalabu amachiopa. Koma BAT imamva mlandu pokhapokha ngati mgwirizano wanu uli ndi ndime yoitchula. Ngati mulibe, mudzayenera kusuma ku khoti la dziko lachilendo, m'chinenero chimene simuchidziwa, mutabwerera kale kwanu. Dziwani kuti wosuma ku BAT amayamba walipira ndalama zoyendetsera mlandu, choncho pa mgwirizano wa malipiro ochepa kwambiri chitetezo chanu chenicheni ndi kufufuza mbiri ya kalabuyo kwa osewera amene anadutsamo musanakwere ndege.

Mgwirizano ukakhala m'zinenero ziwiri, unene kuti pakabuka kusiyana, chimene mumachimvacho ndi chimene chidzatsatidwe. Malipiro azidzera ku banki kuti pakhale umboni. Ndipo tsiku limene mudzasiyane ndi kalabu, musasayine pepala lonena kuti palibe chimene mukuidandaula musanaone ndalama zanu zitalowa, ngakhale akuuzeni kuti popanda pepalalo sakumasulani.

7. Pirirani chaka choyamba

Maligi ambiri amaika malire a osewera akunja amene timu ingakhale nawo, choncho malo anu ndi odula kwa kalabu, ndipo timu ikagonja masewero atatu otsatizana woyamba kuyang'anidwa ndi mlendo. Fikani thupi lili kale m'malo mwake, chifukwa milungu yoyambirira kumakhala zokonzekera kawiri pa tsiku. Lowezani msanga madongosolo a kasewero a timu, fikani nthawi isanakwane, ndipo phunzirani mawu ochepa a chinenero cha kumeneko, makamaka amene anzanu amakuwa potchinga. Chovuta chachikulu sichikhala pa bwalo koma m'nyumba madzulo, muli nokha, kunja kukuzizira, abale ali kutali. Ambiri amathawa m'miyezi iwiri yoyamba osatsata ndime za mgwirizano, ndipo potero amataya malipiro, kalata yowamasula ndi mbiri yawo, pakuti aphunzitsi amafunsana asanalembe munthu. Kumaliza nyengo yathunthu mu ligi yaing'ono n'kumene kumabweretsa mgwirizano wachiwiri.

8. Samalani thupi ndi dzina lanu

Greg Oden anatchulidwa woyamba mu draft ya 2007, koma mawondo anamulola kusewera masewero 105 okha mu NBA. Derrick Rose anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2011, n'kuduka mtsempha wa m'bondo mu 2012, ndipo nyengo yotsatira yonse sanasewere. Embiid anakhala nyengo ziwiri zoyambirira osasewera chifukwa cha fupa la phazi, koma timu yake inamudikira mpaka atachira, ndipo mu 2023 anakhala wopambana onse. Limbitsani minofu ya ntchafu, chiuno ndi akakolo, gonani mokwanira, ndipo musabwerere m'bwalo dokotala asanavomere, ngakhale kalabu ikukakamizeni. Ngati ndinu wamtali kwambiri, kayezetseni mtima: Isaiah Austin wa ku koleji ya Baylor anapezeka ndi matenda a Marfan, amene amakhudza mtsempha waukulu wa mtima, patatsala masiku ochepa kuti draft ya 2014 ichitike.

Pa mankhwala, lamulo la WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, limene FIBA imatsata, n'lakuti chilichonse chopezeka m'thupi mwanu ndi mlandu wanu, kaya munadziwa kaya ayi. Mndandanda wa mankhwala oletsedwa umakonzedwanso chaka chilichonse, choncho musamwe mankhwala kapena ufa wolimbitsa thupi musanafunse dokotala wa timu. NBA ili ndi malamulo akeake, ndipo mu 2019 inaimitsa Deandre Ayton masewero 25 atapezeka ndi mankhwala okodzetsa. Juga ndiye imathetseratu ntchito: mu 2024 NBA inaletsa Jontay Porter kwa moyo wake wonse chifukwa choululira obetcha za thanzi lake, kudzitulutsa m'masewero mwadala, ndi kubetcha pa masewero a ligi yomweyo.

9. Konzekerani tsiku losiya mukadali kusewera

Ntchitoyi ndi yaifupi. Ambiri amasiya asanafike zaka 35, ena kale kwambiri, ndipo palibe malipiro a miyezi imene ligi yapuma. Gawani malipiro a nyengo kuti akwane miyezi 12, patulani gawo losakhudza mwezi uliwonse, ndipo gwirizanani ndi abale kuyambira pachiyambi za ndalama imene mungathe kutumiza, chifukwa iwo amamva chiwerengero cha mgwirizano osadziwa kuti chaka chamawa mwina sipadzakhala wina. Antoine Walker analandira madola oposa 100 miliyoni mu NBA, koma mu 2010 analengeza ku khoti kuti walephera kubweza ngongole zake.

Basketball ili ndi ntchito zina zambiri kupatula kusewera: uphunzitsi, kuyimbira masewero, kufufuza osewera, kulimbitsa matupi a osewera, kusanthula makanema ndi kuyendetsa kalabu. Masai Ujiri, amene anakulira ku Zaria m'dziko la Nigeria, anasewera zaka zingapo m'makalabu ang'onoang'ono a ku Ulaya, kenako anayamba kufufuzira Orlando Magic osewera popanda malipiro, ndipo mu 2019 anali mtsogoleri wa Toronto Raptors pomwe inatenga chikho cha NBA. Chimene chinamutsegulira khomo ndi anthu amene anadziwana nawo akusewera. Sungani manambala a aphunzitsi ndi atsogoleri a makalabu amene mwadutsamo, malizani maphunziro amene munawasiya panjira pa miyezi imene ligi yapuma, ndipo lembetsani maphunziro a uphunzitsi kapena a kuyimbira amene FIBA ndi mabungwe a m'mayiko amachititsa mukadali ndi timu, pakuti nthawi imeneyo kalabu yanu ingakulembereni kalata yokuchitirani umboni ndi kukupatsani timu ya ana yoti muyambirepo kuphunzitsa.